Mabwato a m'zithunzi zanuzo ndi a ku Norfolk Broads

Achemwali, mwafunsa ngati zithunzi zakale zimene mwagula pamsika ku Norwich zija, za amayi ovala madiresi ofika kumapazi ndi zipewa zikuluzikulu atakhala pabwato la thanga limodzi, zinajambulidwa panyanja yamchere. Ayi ndithu. Bango limene lili mbali zonse ziwirilo likusonyeza kuti ndi ku Norfolk Broads, dera la mitsinje ndi tinyanja kum'mawa kwa England, pamitsinje monga Bure, Ant kapena Yare, kufupi ndi kumene mukukhalako.

Bwato lotere amalitcha wherry, ndipo poyamba silinali lokwera anthu okasangalala. Linkanyamula malasha, njerwa, matabwa ndi tirigu pakati pa Great Yarmouth, Norwich ndi midzi ya m'mbali mwa mitsinje. Thanga lake linkakhala lakuda bii chifukwa ankalipaka phula ndi mafuta a nsomba kuti lisawole. Njanji itafika ku Wroxham, mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Bure, mu 1874, katundu anayamba kuthawira kusitima, koma sitima yomweyo n'kumabweretsa alendo ochokera ku London. Eni mabwato anaona poyambira: nyengo yotentha ikafika ankasesa mosungira katundu muja, kuikamo mabedi ndi tebulo, n'kubwereketsa bwatolo kwa sabata yathunthu. Kenako anayamba kukhoma ena a tchuthi chokhachokha, a thanga loyera, ena okhala ndi piyano m'kati. Lina lotchedwa Hathor analikhoma mu 1905 chifukwa cha ana aakazi awiri a banja lolemera la Colman la ku Norwich, ndipo likuyandamabe mpaka lero. Mu 1908 bambo wina dzina lake Harry Blake anayamba kulembetsa anthu ofuna kubwereka mabwatowa.

Chimene chimandikhudza ine n'chakuti maso athu amathamangira zipewa zija. Tayang'anitsitsani chithunzi chachiwiricho, kumbuyo kwenikweni, pali bambo wovala juzi yakuda, sakuyang'ana n'komwe wojambula. Ameneyo ndiye woyendetsa, ndipo kawirikawiri pankakhalanso mnzake wophika ndi kutsuka mbale. Mphepo ikaleka, bamboyo ankazika mtengo wautali m'matope, kuutsamira ndi phewa, n'kumayenda kuchoka kutsogolo kwa bwato mpaka kumbuyo akukankha. Akafika pamlatho waufupi ngati wa ku Potter Heigham, ankatsitsa thanga, kugoneka mlongoti, kudutsa, n'kuudzutsanso. Alendo ali phee, akumwa tiyi. Anthu ngati iyeyo sakanatha kulipira tchuthi chotere, poti ngakhale lamulo lokhudza tchuthi cholipidwa kwa antchito linabwera mochedwa ku Britain, mu 1938.

Za chaka, tembenuzani zithunzizo. Ngati ndi mapositikhadi okhala ndi mzere pakati, mbali ina ya adiresi ina ya uthenga, ndiye kuti si akale kuposa 1902, chaka chimene positi ya ku Britain inalola zimenezi. Ngati ndi tizithunzi ting'onoting'ono topendekeka pang'ono, n'kutheka kuti anajambula ndi alendo eni ake, chifukwa kamera yotchipa ya Kodak Brownie inatuluka mu 1900. Yang'ananinso chidindo cha pa sitampa, chimakhala ndi tsiku ndi malo. Chonde musazikoleke pakhoma lowomba dzuwa, zimasuluka msanga. Mutijambulireko kumbuyo kwakeko tione nawo.