Mumalipira 20, kompyuta ikuonetsa 2.4: kodi akukuberani?

Bambo wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, wanditumizira uthenga wodandaula. Akuti amalipira intaneti ya 20 Mbps, koma akamatsitsa filimu kompyuta imaonetsa 2.4 MB/s, ndiye akufuna kudziwa ngati akumubera dzuwa likuswa mtengo.

Bambo, pa nkhani iyi yokha sanakubereni. Chakusokonezani ndi chilembo chimodzi. Mbps wa b wamng'ono ndi megabit pa sekondi, pomwe MB/s wa B wamkulu ndi megabyte pa sekondi, ndipo byte imodzi ili ndi ma bit 8. Makampani amagulitsa liwiro m'ma bit, koma foni ndi kompyuta zimawerenga kukula kwa fayilo m'ma byte. Gawani 20 ndi 8, mupeza 2.5. Kotsalako kamathera pa timaadiresi tomwe timamatidwa pa kachidutswa kalikonse ka deta kuti kasasochere m'njira. Fayilo ya 1 GB ndi ma megabit 8,000, choncho pa 20 Mbps imatenga masekondi 400, kapena kuti mphindi 6 ndi masekondi 40, zonse zikamayenda bwino.

Komatu makampaniwo sindikuwaikira kumbuyo. N'zoona kuti liwiro la pa waya akhala akuliyeza m'ma bit kuyambira kalekale, ngakhale nthawi ya modemu za 56 kbps. Koma pa chikwangwani chimodzimodzi amalemba bandulo m'ma GB, liwiro m'ma Mbps, osafotokoza chilichonse, podziwa kuti 20 amakopa wogula kuposa 2.5. Chimandinyansa kwambiri ndi kamawu ka m'zilembo zing'onozing'ono koti liwirolo ndi lofika "mpaka" 20. Mpaka! Ndiye kuti 3 nayenso ali momwemo. Ngati yanu ndi ya LTE, yodzera pa nsanja za mafoni, nsanja imodzi mumagawana ndi dera lonse, ngati mjigo umodzi wa mudzi wonse. Mbandakucha mumatunga nokha, koma pofika 7 koloko madzulo aliyense ali pa YouTube ndi TikTok. Magetsi akazima zimanyanya, chifukwa nsanja zimadalira mabatire ndi jenereta, ndipo amene akanaonera TV onse amathamangira pa foni.

Ndiponso anthu amalimbana ndi nambala yolakwika. Mukamaimbira achibale ku Dedza kapena ku Zomba pa WhatsApp, 20 Mbps simuimaliza n'komwe, 2 Mbps ndi yokwanira. Chimadula mawu ndi kuchepa kwa liwiro lotumizira, lomwe nthawi zambiri limakhala lotsika kuposa lotsitsira, komanso ping, nthawi yomwe deta imatenga kupita ndi kubwerako, yoyezedwa m'ma ms (sekondi imodzi ndi ma ms 1,000). Zimbabwe ndi Malawi onse alibe gombe la nyanja yamchere. Deta yopita kutali imayamba yadutsa pamtunda, m'maiko monga Mozambique kapena South Africa, kuti ikapeze zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM ndi EASSy. Seva, kompyuta yomwe mukutengako detayo, ikakhala ku London, ping imapitirira 150 ms ngakhale mutalipira ndalama zingati, chifukwa mtunda sugulidwa. Masetilaiti akale a pa 35,786 km kumwamba ping yake imafika cha m'ma 600 ms, n'chifukwa chake anthu amalankhulana modulana mawu. A Starlink, omwe analoledwa muno ku Zimbabwe mu 2024, ali pa makilomita mazana ochepa basi, ndipo kusiyana kwake kumamveka ndi khutu.

Kuyeza kwake

Lumikizani kompyuta ku rauta ndi chingwe, osati Wi-Fi, chifukwa makoma a njerwa ndi marauta a aneba amafooketsa Wi-Fi ya mtundu wa 2.4 GHz, pomwe ya 5 GHz ndi yothamanga koma siifika kutali. Chotsani mafoni a ana onse pa netiweki. Tsegulani Speedtest kapena fast.com, masamba oyezera liwiro la intaneti, muyeze m'mawa, masana ndi usiku kwa masiku atatu, mukujambula zotsatira. Samalani bandulo, kuyeza kamodzi kumadya ma MB makumi angapo. Zikamatuluka 17 kapena 18 Mbps, zili bwino. Zikamakhala pansi pa 10 ngakhale m'mawa, pitani nazo zithunzizo ku kampani yanu, ndipo akakapanda kukuthandizani, dandaulo lipite ku POTRAZ, bungwe loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti ku Zimbabwe.