Achemwali, nkhani ziwirizo musazisanjike ngati matumba a chimanga

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku koleji. Aphunzitsi ake amuuza kuti alembe chimangirizo chofananitsa ndi kusiyanitsa nkhani ziwiri za anthu opulumuka: ya Ernest Shackleton ndi anzake ku Antarctica, ndi ya anyamata a ku Uruguay amene ndege yawo idagwa m'mapiri a Andes mu 1972. Akufunsa kuti, "Kodi ndiyambe ndafotokoza nkhani imodzi yonse kenako inzake, kapena ndizisakaniza?"

Achemwali, funso lanuli landitsukunyula chilonda chakale.

Ndili Fomu 4, aphunzitsi athu adatipatsa ntchito yonga yomweyi, koma ife adati tiyerekeze njala ya 1949 ndi njala ya 2002. Ine ndidasangalala, chifukwa ya 2002 ndidaiona ndi maso anga, ndipo ya 1949 agogo anga aakazi adali ataisimba kambirimbiri. Ndidalemba masamba anayi. Awiri oyamba adali a 1949, awiri enawo a 2002, ndipo kumapeto ndidatseka ndi chiganizo chimodzi chonena kuti njala zonse ziwiri zidali zoopsa. Ndidapereka pepalalo ndikuyenda monyang'wa. Litabwerera, pansi pake padali mawu atatu a inki yofiira: "Nanga wayerekeza pati?" Malikisi ake sinditchula pano, ana anga amawerenga zimene ndimalemba.

Ndidakwiya sabata yathunthu. Ndinkati aphunzitsiwo akundida, chifukwa zonse zimene ndidalemba zidali zoona. Amene adanditsegula maso ndi agogo omwewo, munthu amene sadapondeko m'kalasi. Pa tchuthi ndidawafunsanso za njala ija tikutong'ola chimanga pakhonde, ndipo ulendo uno ndidamvetsera kasimbidwe kawo. Iwo sankayamba ndi 1949 n'kuimaliza ayi. Ankati, "Chaka chijachi ife tinkakumba mpama kuthengo, inu mwakumba zitsa za nthochi chifukwa thengo mudalimaliza." Kenako ankati, "Nthawi ija amuna ambiri adathawa, kusiya akazi ndi ana, n'kubwerera kwawo kokadya. Chaka chino sadathawe, koma si kuti asintha mtima, kothawira kudalibe." Mwaona? Chiganizo chilichonse chidali ndi zaka zonse ziwiri m'kati mwake. Ankatola chinthu chimodzi, kaya chakudya, kaya khalidwe la amuna, n'kuchitembenuza uku ndi uku. Ine ndidangosanjika matumba awiri pakhonde n'kumuuza wowerenga kuti ayeze yekha.

Tsono pa nkhani zanu ziwirizi pali msampha umene ndikufuna muuone musadagwire cholembera. Sitima ya Shackleton, Endurance, idagwidwa ndi madzi oundana m'nyanja ya Weddell mu Januwale 1915, n'kumira pa 21 Novembala chaka chomwecho. Mudali amuna 28 ndipo onse 28 adapulumuka. Ndege ya ku Andes idagwa pa 13 Okutobala 1972 ili ndi anthu 45, ambiri mwa iwo osewera a timu ya rugby ya Old Christians ndi abale ndi anzawo, ndipo patatha masiku 72 otsala adali 16. Wophunzira akaona manambalawa amathamangira kunena kuti uku kudali mtsogoleri wanzeru, uko kudalibe. Ndikukupemphani, zimenezo musalembe. Zimandinyansa, ndipo ndi ulesi.

Anthu a Shackleton adanyamuka kwawo akudziwa kumene akupita. Adali ndi matenti, zofunda zochindikala, mfuti, mbaula yophikira, agalu, ndi maboti atatu. Sitima yawo sidasweke tsiku limodzi, idaphwanyika pang'onopang'ono, mwakuti adapeza mpata wotulutsa katundu. Pamene ankakhala padali nyama za m'nyanja ndi mbalame zotchedwa penguin zoti n'kupha n'kudya, ndipo zitavuta adadya agalu awo. Anyamata a ku Uruguay aja adavala zovala za ulendo waufupi wopita ku Santiago kukasewera mpira. Ena adafera pomwepo ndege itagwa, ena adathyoka miyendo. Adapezeka pamwamba pa phiri, mamita oposa 3,500, popanda mtengo, udzu kapena nyama, chakudya chawo chili timachokoleti ndi vinyo pang'ono. Ali komweko adamva pa wayilesi yaing'ono kuti owafunafuna asiya. Pa 29 Okutobala chipale chofewa chidagumuka paphiri n'kukwirira chibowo cha ndege chimene ankagonamo, anthu 8 n'kufa, mmodzi mwa iwo kaputeni wa timu Marcelo Pérez, amene ankatsogolera gululo kuyambira tsiku la ngozi. Ndiye munthu n'kumati kudalibe utsogoleri? Mtsogoleriyo adakwiririka.

Komanso amene amatamanda Shackleton kuti sadataye munthu ndi mmodzi yemwe amaiwala kuti ulendo wake udali ndi gulu lachiwiri, limene lidapita mbali ya nyanja ya Ross kukamuikira chakudya cha ulendo wake wodutsa Antarctica m'njira, ndipo kumeneko kudafa amuna atatu. Sindikumunyoza mkuluyu. Kukwera kaboti ka James Caird anthu 6 pa 24 Epulo 1916, kuwoloka nyanja yolusa makilomita pafupifupi 1,300 kuchoka pa chilumba cha Elephant, kumene gulu lonse lidathawira sitima itamira, mpaka ku chilumba cha South Georgia, kenako kudutsa mapiri wapansi maola 36 pamodzi ndi Frank Worsley ndi Tom Crean mpaka kukafika ku Stromness, doko la asodzi a anamgumi, si zamasewera. Ndikungoti chiwerengero cha opulumuka si sikelo yoyezera mitima ya anthu.

Pali chinanso chimene chimakopa ophunzira ngati ntchentche pa chilonda: anyamata a ku Andes adadya mitembo ya anzawo. N'zoona, ndipo simungazibise. Koma mukazipatsa masamba awiri, chimangirizo chanu chisanduka nkhani ya pa bawo. Chofunika si kunyansidwa, koma mmene adagwirizanirana. Adakhala pansi n'kukambirana, ena adakana kwa masiku angapo, ena adalonjezana kuti ndikafa ine thupi langa mudye. Adali Akatolika, ndipo atabwerera kwawo atsogoleri a mpingo sadawaweruze. Ikani zimenezi pafupi ndi msasa wa Shackleton, kumene bwana ndiye ankalamula tsiku lopha agalu ndi kukula kwa gawo la munthu aliyense, ndipo mwapeza kale ndime yabwino: njala ikafika, amagamula ndani, munthu mmodzi kapena gulu? Agogo anga akadaimva ndime imeneyo, chifukwa pakhomo pathu mu 2002 wogwira chipande ndiye adali boma.

Pepani, ndipatukeko pang'ono, pali kanthu kamene kamandisangalatsa. Magulu onse awiri adapulumutsidwa ndi anthu a ku Chile. Shackleton adayesa katatu kukatenga amuna 22 amene adawasiya pa chilumba cha Elephant, madzi oundana n'kumubweza, ndipo pa umodzi wa maulendowo sitima yake adabwereka ku Uruguay, kwawo kwa anyamata aja. Ulendo wachinayi, pa 30 Ogasiti 1916, ndi pamene adafika pa kasitima ka Yelcho koyendetsedwa ndi Luis Pardo wa ku Chile. Patatha zaka 56, Nando Parrado ndi Roberto Canessa, awiri mwa anyamata a mu ndege aja, atayenda masiku 10 m'mapiri, munthu woyamba kukumana naye adali woweta ziweto Sergio Catalán, ali tsidya lina la mtsinje. Madzi ankasokosa, sankamvana, ndiye adawaponyera pepala ndi cholembera atamangirira ku mwala, kenako adakwera hatchi maola ambiri kukaitana thandizo. N'zokoma kusimba, koma samalani: si kufanana kulikonse kumene kuli ndi phindu. Zakuti owapulumutsa onse adali a ku Chile zidangochitika. Zimene zili ndi nyama ndi zakuti m'nkhani zonse ziwiri thandizo silidabwere lokha, anthu ochepa adachita kulilondola, ambiri n'kutsala akudikira.

Ndipo otsalawo ndi amene ine ndikadalemba za iwo, ndikadakhala inu. Frank Wild, wachiwiri kwa Shackleton, adasunga anzake pa chilumba cha Elephant miyezi yoposa inayi pansi pa maboti awiri ovundikira, osadziwa ngati bwana wawo adamira. Ku Andes anthu 14 adatsala m'chibowo cha ndege, mmodzi mwa iwo Antonio Vizintín, amene adanyamuka limodzi ndi Parrado ndi Canessa koma adabwerera patatha masiku atatu kuti chakudya cha awiriwo chikwanire. Aliyense amalemba za oyenda. Odikira sawalemba, chifukwa kudikira kulibe chithunzi chokongola.

Tsono yankho lanu

Zisakanizeni. Ndime yoyamba itchule nkhani zonse ziwiri, iliyonse ziganizo zitatu basi, ndani, kuti, liti, n'kumaliza ndi mfundo yanu imodzi imene munthu wina angaitsutse. Thunthu likhale ndi mitu itatu, mwachitsanzo zimene adali nazo tsiku la ngozi, wogamula za chakudya, ndi oyenda ndi odikira. M'ndime iliyonse muli magulu onse awiri, ndipo ngati mwayamba ndi Shackleton m'ndime yoyamba, yambani naye m'zonse kuti wowerenga asasokonezeke. Njira yofotokoza nkhani imodzi yonse kenako inzake imagwira pa chimangirizo cha tsamba limodzi, koma chanucho mwati ndi cha masamba asanu, ndipo pofika tsamba lachinayi aphunzitsi adzakhala ataiwala za Antarctica. Mukamaliza, tengani cholembera chofiira n'kuchonga ndime iliyonse imene ikukamba za gulu limodzi lokha. Ndime zimenezo ndi zimene mukalembenso musadapereke Lachisanu.