Kodi wanjinga uja anandidyetsa kondaine?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wogulitsa tomato ndi anyezi pa msika wa Kapata ku Chipata. Akuti pali mnyamata wanjinga amene amamubweretsera katundu m'mawa uliwonse. Poyamba iye ndi anzake ankamuseka: makutu otambalala, thalauza lomangidwa ndi mphira kuakakolo kuti lisakodwe mu tcheni. Tsopano papita miyezi isanu ndi umodzi, ndipo belu la njinga likangolira, mtima umagunda, chenji amasokoneza. Azakhali ake akuti anadyetsedwa kondaine m'chitumbuwa chimene mnyamatayo anamugulira tsiku lina. Funso lake ndi lakuti, kodi munthu angasanduke wokongola nkhope yake isanasinthe?

Asisi, chitumbuwa chija chinali chitumbuwa basi. Chasintha ndi diso lanu.

Mu 1968 katswiri wa maganizo a anthu, Robert Zajonc, anasonyeza kuti chinthu tikachiona mobwerezabwereza timayamba kuchikonda, ngakhale mawu achilendo amene sitidziwa tanthauzo lake. Koma kafukufuku amene ine amandisangalatsa ndi wa Moreland ndi Beach wa mu 1992. Pa yunivesite ya Pittsburgh ku America anasankha atsikana anayi osasiyana kwambiri maonekedwe. Wina analowa m'kalasi lalikulu kasanu, wina kakhumi, wina maulendo 15, ndipo wachinayi sanapondemo n'komwe. Ankangolowa, kukhala pansi, kutuluka, osayankhula ndi munthu. Pothera pa temu ophunzira anaonetsedwa zithunzi za anayiwo. Amene anabwera kawirikawiri ndiye anaoneka wokopa kuposa anzake, chonsecho ambiri sankakumbukira bwinobwino kuti anamuonapo. Wanjinga wanu mwamuona m'mawa kangati? Werengani nokha.

N'chifukwa chakenso ambirife timadana ndi zithunzi zathu pa WhatsApp pamene anzathu akuti zatuluka bwino. Ife tinazolowera nkhope ya pagalasi, yotembenuzidwa, iwo anazolowera yeniyeniyo. Ine mpaka lero chithunzi cha pa chitupa changa ndimachibisa.

Komabe kuzolowera pakokha sikukwanira. Munthu amene amakunyansani, mukamamuona tsiku ndi tsiku amangonyansirako. Mu imelo yanu mwatchula, ngati mongodutsa, kuti tsiku lina mvula itagwa anavula jekete n'kufunditsa bokosi la tomato, iye n'kufika ali chonyowa. Apo ndi pamene makutu aja anayambira kuchepa. Timamva kawirikawiri kuti wokongola timamuganizira zabwino asanatsegule pakamwa, ndipo n'zoona, mpake akuluakulu anatichenjeza za chikomekome cha mkuyu. Koma msewuwu umayenda uku ndi uku: munthu amene waonetsa mtima wabwino, nkhope yakenso imayamba kutiwalira.

Mu 2015 akatswiri ena, Hunt, Eastwick ndi Finkel, anaunika anthu okondana awiriawiri okwana 167. Amene anayamba chibwenzi atangokumana ankakhala ofanana kukongola. Amene anadziwana nthawi yaitali kaye, nthawi zambiri wina ankaposa mnzake maonekedwe, koma anasankhanabe. Pa Facebook, kapena pa gulu la ku Mtenguleni tsiku la mwambo wa Angoni wa Nc'wala, nkhope ndi imene imalamula chifukwa palibe china choti muyezere. Pa benchi ya tomato, m'mawa ndi m'mawa, pali zambiri zoyezera.

Chimene sindikonda m'nkhani ya kondaine n'chakuti imakulandani maso anu, ngati mtsikana sangaone yekha chabwino mwa mnyamata wosauka popanda mizu ya sing'anga. Akanakhala wa galimoto, palibe akanatchula chitumbuwa.

Musathamange ayi. Diso lozolowera limabisanso zilema, ndiye fufuzani kaye ngati kulibe mkazi ndi ana ku Mchini kapena ku Navutika. Anzake apasiteji amadziwa zonse, ndipo sachedwa kuulula. Azakhaliwo musakangane nawo. Tsiku lina mukusenda nawo mtedza, muwafunse mwaulemu kuti tsiku loyamba kuwaona amuna awo anati chiyani.