Bambo akunyumba atsakamira m'sitima ku Durban

FUNSO: Bambo akunyumba kwanga amagwira ntchito yophika m'sitima yapamadzi yonyamula katundu. Pano sitimayo yangoima padoko la Durban, ndipo miyezi itatu yatha asanalandire kalikonse. Eni sitima sakuyankha foni, chakudya nacho chikutha. Ine ndikuwauza kuti angotsika akwere basi, ana awasowa. Kodi ndikulakwa? Ndine mayi wodandaula, ku Nkhata Bay.

YANKHO: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, koma bambowo asatsike chimanjamanja. Pamalamulo apanyanja, ngongole ya malipiro a antchito imamatirira pasitima penipenipo, ngakhale mwini wake atathawa kapena kuigulitsa. Ku South Africa kuli lamulo la 1983, Admiralty Jurisdiction Regulation Act, lomwe limalola antchito kupita ku khoti lalikulu kukapempha kuti sitima igwidwe, isachoke padoko. Mwini akapanda kulipira, khoti limaigulitsa, ndipo antchito ali m'gulu la oyambirira kulandira, banki yomwe inakongoza mwiniyo isanagwireko. Kungoti milandu yotere imachedwa, n'chifukwa chake ndikufuna ayambe ndi inshuwalansi.

Pali pangano la mayiko lotchedwa Maritime Labour Convention la 2006, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2013. Panganoli likuti mwini akakhala miyezi iwiri osalipira, kapena akasiya kupereka chakudya, madzi ndi mankhwala, ndiye kuti antchitowo wawataya. Kuyambira January 2017, sitima zimayenera kukhala ndi inshuwalansi ya vuto lomweli. Inshuwalansiyo imapereka malipiro otsalira mpaka a miyezi inayi, chakudya, ndi ndalama yoyendera mpaka kumudzi. Mwaonatu pamenepo: miyezi inayi basi. Bambowo ali kale pa itatu, choncho asadikire malonjezo a "mawa tikutumizirani". Chikalata cha inshuwalansiyo chimayenera kupachikidwa poonekera m'sitimamo, nthawi zambiri pafupi ndi modyera, ndipo pamakhala dzina la kampani ndi nambala yoimbira. Poti iwo ndi ophika, mwina amachidutsa tsiku lililonse. Achijambule pafoni lero lomwe, ndipo antchito okha angathe kuimba, osadikira chilolezo cha kaputeni.

Ajambulenso kontilakiti yawo, mapepala a malipiro, ndi nambala yozindikirira sitima, yotchedwa IMO, ya manambala 7 yolembedwa kumbuyo kwa sitima. Zithunzizo akutumizireni pa WhatsApp, muzisunge. Aonenso mbendera yomwe sitimayo ikuulutsa. Zambiri zimalembetsedwa ku Panama, Liberia kapena Marshall Islands pomwe eni ake amakhala kwina, ndipo dziko la mbenderalo ndi lomwe liyenera kuwabweza kwawo mwini akalephera. Kunena zoona, ena mwa mayikowa amachita ulesi pokhapokha atakankhidwa. Okankha ake ndi bungwe la antchito la ITF, lomwe likulu lake lili ku London ndipo lili ndi oyendera sitima m'madoko ambiri, komanso SAMSA, nthambi ya boma la South Africa yomwe ili ndi mphamvu yoimitsa sitima yophwanya malamulo.

Kukhala chete kumapweteka. Sitima ya Rhosus, yomwe inkapita ku Beira, inatayidwa ndi mwini wake itaima padoko la Beirut, ku Lebanon, mu 2013, ndipo kaputeni ndi anzake ochepa anakhalamo pafupifupi chaka, mpaka kugulitsa mafuta a sitimayo kuti alipire maloya. Katundu wake ndi uja anadzaphulika padokolo mu August 2020.

Chomwe ndikuwachenjeza kwambiri ndi ichi: munthu akabwera ndi tikiti ya ndege pamodzi ndi pepala lonena kuti alandira zonse ndipo sadzadandaulanso, asasaine asanafunse a ITF kapena loya. Asalole kuti wina awasungire pasipoti. Inuyo mbali yanu, lemberani ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria, mutchule dzina la sitima, nambala ya IMO ija ndi tsiku lomwe analandira malipiro omaliza.