Achemwali, za Machitidwe 8:37 ija

Mwafunsa kuti bwanji m'Baibulo la pafoni panu Machitidwe 8 ikudumpha kuchoka pa vesi 36 kufika pa 38, ndipo mwati mkulu wina kumpingo kwanu ku Rosettenville wakuuzani kuti alipo anthu akuchotsa mavesi mwadala. Chonde musalifufute Baibulolo. Inenso nkhaniyi inandisowetsa tulo nditangofika kuno ku Joni, mpaka ndinaikumba.

Yambani mwadziwa kuti Luka, wolemba Machitidwe, sanalembe manambala. Manambala a mavesi anaikidwa ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551, ndipo iye ankatsatira Chipangano Chatsopano cha Chigiriki chochokera kwa katswiri wina, Erasmus, yemwe anachisindikiza mu 1516. Erasmus anali ndi mipukutu yochepa chabe, yokopedwa patapita zaka zoposa 1,000 atumwi atamwalira. Mawu a pa vesi 37, a mdindo wa ku Itiyopiya aja, oti akhulupirira kuti Yesu Khristu ndi Mwana wa Mulungu, anawapeza atalembedwa m'mphepete mwa mpukutu umodzi, n'kuwalowetsa m'kati. Baibulo la Chingelezi la King James la 1611 linatengera pomwepo.

Kenako ofufuza anayamba kugwiritsa ntchito mabuku akale kwambiri. Codex Vaticanus ndi Codex Sinaiticus onse ndi a zaka za m'ma 300. Sinaiticus anaipeza wofufuza wina, Tischendorf, kunyumba ya amonke ya St Catherine m'tsinde mwa phiri la Sinai, ndipo gawo lalikulu lili ku London. M'mabuku awiriwa vesiyi mulibe.

Ngati munaimbapo kwaya kumudzi muzimvetsa msanga. Tinkakopera nyimbo m'makope, wina kwa mnzake. Mphunzitsi amalemba kamzere pambali kuti oimba asaiwale, wokopera wotsatira n'kukaika m'kati mwa ndime poganiza kuti kanasiyidwa mwangozi. Pakatha zaka, kope la ku Dedza ndi la ku Zomba asiyana. Chimodzimodzinso, ofufuza amayala makope onse a Chipangano Chatsopano pamodzi, a Chigiriki okha oposa 5,000, n'kumafunsa kuti lakale ndi liti, komanso ndi mawu ati omwe akanabala enawo. Pano ambiri amati mawu a pa vesi 37 ankanenedwa pa ubatizo, ndipo okopera anachita kuwaonjezera pambuyo pake. Ine ndikugwirizana nawo, pakuti palibe Mkhristu wokopera amene akanataya chivomerezo chokoma chotere atachipeza.

Komabe mkuluyo musamuone ngati wabodza. Mawuwa ndi akale ndithu, mtsogoleri wa mpingo wakale Irenaeus anawatchula cha m'ma 180, ndipo chikhulupiriro chomwecho chili pa Yohane 20:31 m'Baibulo lililonse. Chomwe chimandipweteka n'kuopseza anthu ndi chiwembu pomwe omasulira sanabise kanthu.

Dinani kachizindikiro kali pamapeto pa vesi 36, nthawi zambiri vesi 37 imatuluka m'munsi ndi chifukwa chake. Yesaninso Mateyu 17:21 ndi Yohane 5:4. Lamulungu mukatuluka m'tchalitchi muwaonetse bambowo pambali, osati pagulu.