Mafilimu a sayansi yopeka: bodza lake silimene likundidetsa nkhawa

Mayi, mwati mnyamata wanu wa zaka 13 sachoka pa mafilimu a zam'mlengalenga ndi a zinyama zakalekale zija, ndiye mukufunsa ngati muli chaphindu m'menemo kapena ndi mabodza ongomutayitsa nthawi. Angapo akuyankhani kale kuti mungomuletsa. Ine ndikusiyana nawo, ngakhale kuti zoti muli bodza sakunama.

Bodza lilimodi, ndipo eniake salibisa. Koma agogo akamati "padangokhala" ife n'kumavomera kuti "tili tonse", tinkadziwa kuti Kalulu salankhula, ndipo tinkalola. Chimene sitikanalola n'choti Kalulu apulumuke popanda nzeru iliyonse, angomera mapiko poti wapanikizika. Filimu yabwino ya mtundu umenewu imakupemphani kuti muvomere bodza limodzi lalikulu, kenako zina zonse ziyende moona. Yoipa imanama paliponse pamene olemba asowa potulukira.

Tiyambe ndi Jurassic Park ya 1993, ya Steven Spielberg, poti mwana wanu amakonda ma dinosaur. Bodza lake n'lakuti asayansi apeza magazi a dinosaur m'mimba mwa udzudzu umene unakanirira mu utomoni wa mtengo kalekale, ndipo adzutsa nawo zinyamazo. Zimenezi sizingatheke, DNA siikhala zaka mamiliyoni 66 osawonongeka. Koma mukangolola pamenepo, zotsatira zake n'zaumunthu zedi. Mwini malo amene akusungirako zinyamazo ndi mpondamatiki wodzikhulupirira amene akuganiza kuti ndalama zake zingamange chilichonse. Chimene chikugwetsa ntchito yonse si chilombo ayi, ndi wantchito mmodzi wa pa kompyuta amene akudandaula za malipiro, walandira ziphuphu, ndipo wathimitsa magetsi a mpanda kuti abe.

Ndiye onani mmene chilombo chachikulu cha mu filimuyi, dinosaur yotchedwa T. rex, chikubwerera. Ndi usiku, mvula ikugwa, ana awiri ali m'galimoto imene yaima. Kamera ikungoonetsa madzi a m'kapu ali patsogolo pa galimoto. Kukumveka kugunda patali, madzi aja n'kuchita timafunde. Kugundanso, timafunde tina. Simunaone dzino ngakhale limodzi koma mtima uli kale m'malere. Mu filimu ya maola awiri, zinyamazo zimaoneka kwa mphindi pafupifupi 15 zokha, ndipo mbali yaikulu si za pa kompyuta, ndi zimakina zenizeni zimene Stan Winston ndi anzake anapanga ndi manja. N'chifukwa chake mpaka lero zimaoneka kuti zili ndi thupi ndiponso kulemera. Zolakwika zilipo: Velociraptor weniweni, mtundu wina wa dinosaur wa mu filimuyi, anali wamkulu ngati nkhukundembo ndipo anali ndi nthenga, osati chimphona cha msinkhu wa munthu chija. Koma chimene chimandipweteka ndi zigawo zimene zinadzabwera pambuyo, makamaka kuyambira Jurassic World ya 2015. Kumeneko anafika popeka dinosaur imene siinakhalepo n'komwe, poganiza kuti zenizeni sizikuopsanso, ndipo anthu ake ndi ongothamanga ndi kukuwa. Zilombo zachuluka, mantha achepa.

Mwana wokonda zimenezi mumuuze kuti kwathu kuno ma dinosaur analiko. Mafupa a Malawisaurus anafukulidwa ku Karonga, ndipo dzinali inapatsidwa mu 1993 momwemo, chaka chimene filimuyi inatuluka. Mmodzi mwa akatswiri amene anaitcha dzinali anali mayi wa ku Malawi, a Elizabeth Gomani. Chigoba cha Malawisaurus chimaonetsedwa ku nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Karonga.

Ngati mukufuna imodzi yoti muonere limodzi osadandaula, ndi The Martian ya 2015. Munthu wasiyidwa yekha pa dziko la Mars anzake akumuyesa wamwalira. Palibe chilombo, palibe mfuti, palibe mdani. Akukhala pansi n'kuwerenga chakudya chimene chatsala, kugawa ndi masiku, n'kuona kuti sichikwana. Akututa dothi la ku Mars kulilowetsa m'nyumba yawo, kulisakaniza ndi chimbudzi cha anzake chimene chinasungidwa m'timapepala kuti chikhale manyowa, akudula mbatata ya kachewere m'zidutswa n'kubzala. Madzi akuwapanga powotcha mafuta a chombo, ndipo ulendo woyamba zikumuphulikira kumaso chifukwa analakwitsa masamu. Akubwerezanso. Mwana amene waona zimenezi sangakufunseninso kuti masamu ndi kemisitiri n'zantchito yanji. Bodza lake lili koyambirira: mphepo yamkuntho imene ikugwetsa zinthu. Mpweya wa ku Mars ndi wochepa kwambiri, sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a wa kuno, moti mphepo yake siingakankhe munthu choncho. Wolemba buku lake, Andy Weir, anavomera yekha kuti ankadziwa zimenezi koma ankafuna njira yosiyira munthuyo kumeneko. Muli timawu totukwana pang'ono, mudziwiretu. Mudzamuonamonso Chiwetel Ejiofor, yemwe uja anadzapanga filimu ya William Kamkwamba wa ku Kasungu, imene inatuluka mu 2019.

Interstellar ya 2014 ndimaikonda koma ndimakangana nayo. Chiwawu chapha mbewu padziko lonse, kwatsala chimanga, fumbi likulowa mpaka m'mbale. Bambo akusiya ana ake kukafuna dziko lina. Akutera pa dziko limene lili pafupi ndi black hole (malo a m'mlengalenga amene amameza chilichonse, ngakhale kuwala), kumene mphamvu yokoka ndi yaikulu moti ola limodzi kumeneko ndi zaka 7 kuno. Zoti nthawi imayenda mosiyana chonchi si zopeka, ndi sayansi ya Einstein, ndipo mawotchi a masetilaiti a GPS amawakonza poganizira zomwezi. Amene ankawalangiza opanga filimuyi ndi Kip Thorne, yemwe anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2017. Bambo uja pobwerera ku chombo akupeza kuti padutsa zaka 23. Akukhala pansi kuonera mauthenga a ana ake, mnyamata akukula pamaso pake, kukwatira, kubereka, kuika maliro, iye akungolira osatha kuyankha. Aliyense amene ali ndi m'bale kunja amene ana ake akukulira pa foni amva kuwawa pamenepo. Koma kumapeto filimuyi ikutaya malamulo amene inadziikira yokha. Munthu akugwera mu black hole osafa, n'kupezeka kuseri kwa shelefu ya mabuku ya mwana wake, ndipo akutiuza kuti chikondi ndicho chathetsa masamu. Pamenepo Kalulu wamera mapiko. Komanso ndi yaitali, pafupifupi maola atatu.

Za Star Wars ya 1977 sindichulutsa. Zombo zimabangula m'mlengalenga kumene kulibe mpweya wonyamula phokoso, koma imeneyo ndi nthano ya mlimi wachinyamata, nkhalamba yanzeru ndi ufumu wankhanza, yongovala zovala za sayansi. Imadziwa chimene ili, ndiye siinyenga munthu.

Tsopano nkhawa yanga yeniyeni, imene sindinaone wina akuitchula. Ili pa mafilimu a maulendo ndi kusakasaka chuma, ndipo ndi ya momwe amaonetsera anthu a eni dziko. Indiana Jones, yonena za katswiri wosakasaka zinthu zakale wa dzina lomweli, ndi yokoma, imathamanga, mwala waukulu uja ukugubuduzika kumbuyo kwake sungaphethire. Koma taonani zimene akuchita mu gawo loyamba la 1981: walowa m'kachisi wa anthu ena ku South America, wanyamula fano lawo la golide, ndipo filimu ikufuna kuti timuombere m'manja. Gawo la 1984 likuonetsa anthu a ku India akudya ubongo wa anyani paphwando ndi kuzula mitima ya anthu. Boma la India silinagwirizane ndi nkhaniyo, moti anakajambulira ku Sri Lanka. King Solomon's Mines ya 1985 anaijambula ku Zimbabwe konkuno, ndipo muli malo pamene anthu akuda akuponya azungu awiri mu chimphika kuti awaphike. Ili ndilo bodza limene limalowa mwana m'mutu osaliona, chifukwa amakhala ali kumbali ya ngwazi, akuseka anthu ofanana ndi agogo ake.

Avatar ya 2009 inayesa kutembenuza zimenezi. Kampani ya migodi yabwera kudzakumba pansi pa mudzi wa eni nthaka, ndipo filimu ili kumbali ya eni nthakawo. Kukongola kwake palibe angatsutse, n'chifukwa chake inapanga ndalama zoposa madola 2.9 biliyoni. Koma wopulumutsa anthuwo ndi mlendo yemwe uja, msilikali amene waphunzira miyambo yawo m'miyezi yochepa n'kuwaposa onse. Eniake sangadziwombole okha? Black Panther ya 2018 ndiyo inafunsa funso loyenera, pamene munthu waima m'nyumba yosungira zinthu zakale ku London n'kufunsa woyang'anira kuti zinthu za ku Africa zimenezi zinafika bwanji kuno. Inatipatsa asayansi achikuda, Chixhosa chikulankhulidwa m'nyumba ya mfumu, mabulangete a ku Lesotho pamapewa a asilikali. Inalakwitsa posakaniza Africa yense ngati ndi mudzi umodzi, ndipo nkhondo yomaliza ndi zithunzi za pa kompyuta zongogundana mumdima. Komabe ndingakonde mwana aone imeneyi kusiyana ndi ya chimphika ija.

Choncho musamuletse, Mayi, koma musamusiyenso yekha ndi memori khadi yodzaza ndi zimene mnzake wamuikira. Muyambe naye The Martian, kenako Jurassic Park yoyambayo masana, poti muli malo pamene munthu akudyedwa. Ikatha mumufunse kuti ndi pati pamene anama, ndipo akafufuze yekha yankho. Za Indiana Jones muonere naye limodzi, ndipo fano lija likanyamulidwa muimitse kaye n'kumufunsa kuti mwini wake ndani. The Terminator ndi The Matrix ayambe wadikira, zimenezo anazipangira akuluakulu ndipo kuphana kwake n'kochuluka.