ID ya amayi musapereke, ife zinationekera

Achemwali, pa nkhani ya venda amene akufuna ID ya amayi anu kuti akawaombolere feteleza wa sabuside, chonde musampatse, kaya akuti amadziwana ndi makalaliki kaya akuti akuthandizani kuombola msanga, musayerekeze. Ndikulemba pano mtima ukundiwawa chifukwa zomwezo zinawachitikira mai anga kwathu ku Dowa sizoni ya 2022 ija thumba la AIP, pulogalamu ya boma ya feteleza wotsika mtengo, linafika pa K15,000. Mukukumbukira mmene zinalili, mvula inagwa anthu anadzala feteleza kulibe, ukapita pa depoti akuti netiweki yavuta, mawa lake netiweki ilipo koma wokulitsa watha kwatsala yuriya yekha, anthu mpaka kumagona pakhonde pompo ndi zitenje kudikira lole.

Ndie kunabwera mnyamata wina wa pa trading pathu pomwe, woti timamudziwa makolo ake ndipo maliro timayendera limodzi, akuti gogo musavutike ndi mzere bweretsani chitupa ndikakutengereni. Mai anga miyendo imawavuta, anapereka. Anatolera ma ID a azimayi ambiri mmudzimo osati iwo okha ayi. Patapita masiku anabweza akuti zakanika makina sakuwerenga, muyesenso nokha. Ine ndinachoka ku Lilongwe nditatumiza kale K30,000 ya matumba awiri, ndinakawatenga pa kabaza mbandakucha. Tinaima pa mzere dzuwa lija la mvula lotentha ngati moto, mai atamangirira ndalama pansonga ya chitenje, chimanga kumunda chitayamba kale chikasu. Titafika kutsogolo kalaliki anaika foni pa ID ija kenaka osatiyang'ana nkomwe akuti amayi inu munaombola kale, matumba awiri onse, wotsatira! Mai anati mwana wanga ine sindinatenge kanthu, iye akuti sisitimu sinama, chokani mukuchedwetsa anzanu. Anakhala pansi pafumbi pompo mai anga, anamasula kamfundo kaja nkumawerenga ndalama zija mobwerezabwereza manja akunjenjemera, anthu pamzere kumangowayang'ana ena kumati agogowa anagulitsa akufuna kudya pawiri. Mawu amenewo ndi amene anandipweteka kuposa fetelezayo. Ndipo nthawi yomweyo kuseri kwa depoti njinga zamoto zikunyamula matumba, anyamata atagwira ma ID mulu mmanja ngati makadi a juga.

Mnyamata uja ndinamupeza, anakana mmaso muli gwa. Tinapita kwa amfumu akuti tidzakambirana, nkhani inathera pomwepo chifukwa nawonso abale awo anali mgulu lomwelo. Kalaliki uja ndimamuonabe mpaka lero ndipo sindimupatsa moni. Munthu walembedwa ntchito yothandiza alimi koma nkhalamba ikulira pamaso pake iye akuganiza za kangachepe ka mavenda, Mulungu amuone. Chaka chimenecho munda woti timakolola ngolo zingapo tinatola timatumba tochepa, pofika Okutobala ndinali ndikugula chimanga cha mai kwa mavenda omwewo, anatibera feteleza nkudzatigulitsanso chimanga mokwera.

Ndipo tisanamizane vuto silinayambe ndi mavenda okha. Nthawi ya Bingu pomwe sabuside inkayamba mu 2005 makuponi ankagulitsidwanso inde, koma nkhokwe zinadzaza. Mu 2020 anatiuza thumba K4,495 tinavina, chaka chotsatira K7,500, kenaka K15,000, maina nkumachepa chaka ndi chaka, mu 2023 anatsala anthu 1.5 miliyoni dziko lonse. Mudzi wa mabanja ambirimbiri mupeza alembamo ochepa, kenaka amfumu akuti mugawane, thumba limodzi anthu kumagawana ndi ndowa. Chaka chomwe mai ankalira pa depoti chija ndi chomwe tinamva kuti K750 miliyoni ya feteleza inalipidwa ku kampani ya ku UK yogulitsa nyama mpaka nduna ya zaulimi inachotsedwa. Kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 feteleza wa mushopu nkuthawiratu, ndie mlimi wa kumudzi alowere kuti? Mitengo yogulira mbewu boma limalengeza pa wailesi chaka chilichonse koma pakhomo amafika ndi venda ndi sikelo yake yobera mu Epulo chimanga chisanaume, munthu ali ndi ngongole ya fizi agulitsa basi.

Ndie inu chitani izi, apiteni nawo nokha amayiwo, ID ikhale mmanja mwawo mpaka thumba litakwera panjinga, ndipo mukafika funsani kaye ngati dzina likuoneka musanayambe kugona pamzere. Akakuuzani zachilendo pitani kwa alangizi tsiku lomwelo osadikira. Komanso panopa yambani kupanga manyowa a Mbeya, feteleza pang'ono kusakaniza ndi gaga, phulusa ndi ndowe, kuwaza madzi nkumanga mthumba la pulasitiki masiku 21, ife ndi amene akutisunga pano. Koma ndinene zoona, ngati Disembala wafika chimanga chili mmawondo depoti kuli zii, ndipo vendayo ali ndi njira yake yotulutsira, mulankhule naye. Musamusiire ID, muyende naye phazi ndi phazi mpaka alowe atuluke, olo atenge thumba limodzi inu limodzi, bola kabereketsa kagwe pansi nthawi yake. Anzathu ena anatero chaka chija ndipo anakolola kuposa ife amene tinaima pamzere.